Tsiku Limene Foni ya Mlongo Wanga Sinalire

Ine ndine telala, za makompyuta sindidziwa. Koma mlongo wanga, amene kuofesi kwawo amamutchula Mayi Pobwerera, anandifotokozera ntchito yake mondikomera. "Achimwene, tangoganizani mukusokerera thumba pa malaya mwiniwake atavala, akuyenda. Ntchito yanga ndi imeneyo."

Kampani yawo imapanga pulogalamu imene zipatala zimasungiramo mayina a odwala ndi mankhwala awo. Zonsezo zimakhala mu detabesi, nkhokwe ya m'kompyuta. Pulogalamu ikasintha, nkhokweyo imafunika kuisinthanso kamangidwe, ndipo kwa zaka zisanu wosintha anali iye yekha, pamanja, akuwerenga m'kope lake lothothoka chikuto. Tsiku lotulutsa pulogalamu yatsopano sankachoka pampando, foni ili kulirakulira.

Wovutika anali mwana wake wamkazi, katswiri wothamanga kusukulu kwawo. Mipikisano itatu mayi ake sanaoneke chifukwa cha ntchitoyo, pabenchi tinkakhala ife amalume. Kachitatuko mwanayo sanalire n'komwe. Anangoti, "Amalume, musamawasungirenso malo." Nditamuuza mlongo wanga, mawuwo anamulasa mumtima.

Basi anayamba kusamutsa za m'kope zija. Kusintha kulikonse anakulemba m'fayilo yakeyake yokhala ndi nambala, kuti kompyuta iziyendetsa yokha mafayilowo motsatana. Lamulo lake linali limodzi: fayilo yopanda njira yobwezera zinthu mmene zinalili siilowa. Dzina lija la Mayi Pobwerera linachokera pamenepo. Anzake akadandaula kuti akuwachedwetsa, ankangoti, "Kuthamanga sikufika, akuluakulu." Wina mpaka anamunong'oneza, "Mayi, kompyuta ikadziwa zonsezi, inu adzakusungirani chiyani muno?" Iye anaseka n'kupitiriza kulemba.

Mpikisano wachinayi unagwa tsiku lotulutsa pulogalamu. Ndinali nditakhala kale, chipewa changa chili pamalo amene anandiletsa kusunga aja, pamene ndinaona mlongo wanga akubwera ndi nsapato za kuofesi. Anakhala pambali panga, foni ili pamiyendo, akuiyang'anitsitsa ngati mkaka uli pamoto. Sinalire. Mwana anathamanga nakhala wachiwiri, ndipo mayi ake anakuwa mpaka mawu kusasa. Ine manyazi anandigwira pang'ono, koma ndinakuwa nawo.

Tikutuluka pageti, pafoni panalowa uthenga umodzi. Fayilo nambala 87 inali italephera pakati, kompyuta inabweza zonse mmene zinalili, ndipo kuzipatala palibe anazindikira kanthu. Mnzake wonong'oneza uja anali atakonza kale cholakwikacho.

Mwana anaima, mendulo ili m'khosi, nkhope itagwa. "Amayi, akukuitanani eti?"

"Ayi, mwanangu," anayankha mlongo wanga akuponya foni m'chikwama. "Sakundifuna."

Chibadwire sindinamvepo munthu akunena mawu amenewo monyadira chonchija.