Nsalu ya Mayi Anga mu Filimu

Filimu yanga yoyamba ndinalemba za mayi anga, mmene anathawira nkhondo ya ku Mozambiki ine ndili kumsana, mpaka kudzakhazikika ku Chinyonga. Ndinailemba iwo atamwalira kale. Dayilekita wina wa ku Limbe atawerenga anati, "Achimwene, iyi ndiye nkhani!" Ine mutu unakula.

Mafilimu athu ano alibe wosoka zovala, aliyense amakafwanthula m'sutukesi kwawo. Ndiye atafuna nsalu yakale yoti avale mtsikana wosewera ngati mayi, ine ndi manja angawa ndinapereka yeniyeniyo, yobiriwira, yachigamba pakona, imene anandiberekera podutsa malire. Palibe anandikakamiza. Ndinkanyadira, chitsiru ine.

Kojambula anandiitana masiku awiri okha, kenako basi, akuti galimoto ikumadzaza. Ndikaimba foni ankangoti, "Zikuyenda, musadandaule."

Kutatsala sabata kuti filimu ionetsedwe, ndinalowa mu ofesi ya dayilekita uja n'kupeza akuionera pakompyuta. Abale inu! Mayi uja, atavala nsalu ija, ali pakati pa manda, akuitana akufa, kenako n'kukwera lichero kuuluka.

"Izi ndinalemba ine?" ndinakalipa.

"Achimwene, anthu safuna kuonera mayi wongovutika," anatero dayilekita, maso ali pakompyuta pomwepo. "Amafuna ufiti. Paja munasaina kuti tikhoza kusintha."

Ndinasainadi. Ndinatukwana, ndinamenya tebulo, pomaliza ndinachonderera kuti achotse nsalu yokhayo. Anati kujambulanso sikungatheke, wosewerayo anapita ku Joni.

Choipa kwambiri n'chakuti ndinali nditaitana kale mayi aang'ono a ku Chimwankhunda, mng'ono wawo wa mayi, amene anathawira limodzi. Ndinapita kukawanamiza kuti filimu yalephereka. Ndinawapeza akusita diresi latsopano, atauza kale azimayi onse a kutchalitchi kwawo. Bodza lija linandikanika. Ndinamwa tiyi n'kubwerako.

Loweruka masana holo ya ku Chichiri inadzaza. Poyamba zinayenda bwino. Nsalu itaoneka, mayi aang'ono anandigwira dzanja.

"Iwe, chigamba chija ndinasoka ndine," anandinong'oneza, akumwetulira ndi misozi.

Kenako manda aja anafika. Holo yonse inaphulika, ena kuimba likhweru, wina kumbuyo kukuwa kuti, "Mfiti iyo! Iotcheni!" Azimayi a kutchalitchi aja anawerama. Dzanja lija linandisiya pang'onopang'ono.

Ndinkafuna kuimirira, kukuwa kuti si ine, koma akanandimva ndani m'phokoso limenelo? Ndinangokhala, ndikudzida. Pamapeto panatuluka mawu akuluakulu akuti wolemba nkhani, ndi dzina langa lokha pansi pake. Mayi aang'ono amadziwa kuwerenga.

Panja sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangokonza duku lawo n'kundiyang'ana.

"Mwanawe," anatero, "mayi ako anakulakwira chiyani?"