Chikolopa changa ndi matabwa a ankolo

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinabwera kuno ku England kudzakhala ndi amayi. Iwo anandisiya ku Kawale ndili wamng'ono, m'manja mwa mkulu wawo, n'kubwera kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Kuno anakwatiwa ndi bambo wina wa ku Chipata, a Zulu, kalipentala, ndipo anabereka kamnyamata, Joshua. Bambowo ine ndinkawatchula kuti ankolo. Nanga ndikanati chiyani? Munthu ndinali nditangomuonapo pafoni basi.

Tsiku loti mawa ndinyamuka, amayi aakulu anandikhazika pakhonde n'kundilangiza. "Tadala, kumene ukupitako ndi kwa eni. Mwamuna uja si bambo ako, ndipo nyumba ija ndi yake. Dzuwa lisakutulukire uli pabedi. Uzisesa, uzikolopa, aone kuti sunabwere kudzangodya. Ukachita ulesi, ndege yomweyo ikubweza." Mawu amenewo ndinakwera nawo ndege, ndipo ndinatsika nawo.

Nyumbayo inali ku Whitmore Reans, mu Wolverhampton, pa mzere wa nyumba zogundizana za njerwa zofiira, khomo lili pamsewu penipeni. Inali yakalekale, ndipo ankolo ankaikonza okha pang'onopang'ono akaweruka kuntchito. M'khitchini ndi m'kolido munali matailosi, ndipo m'munsi mwa makoma anali atakhomamo matabwa oyera mbee, amene kuno amawatcha masiketing'i. Ine sindinawalabadire n'komwe. Kwathu m'munsi mwa khoma mumakhala simenti yokhayokha yopaka penti wakuda, uthire madzi mmene ungafunire.

Ndiye ndinayamba ntchito yanga. Mopu wa kandodo amene anali kuseri kwa chitseko ndinkamuona ngati wa anthu aulesi. Ndinang'amba thawulo lakale kukhala chikolopa, ndipo m'mawa uliwonse ena asanadzuke ndinkathira madzi a sopo pansi, khwaa, n'kuwerama kukolopa chobwerera m'mbuyo monga anandiphunzitsira. Madzi ankafika m'makona monse. Zala zinkachita dzanzi ndi kuzizira, koma mtima unkakhala m'malo. Amayi akabwera kuchokera ku shifiti, maso ali psuu ndi tulo, ankangoti, "Ii, koma muno mwayera," n'kukagona. Ankolo anandiuzapo kangapo m'Chinyanja chawo chija kuti, "Tadala, usazivute so, ni m'mawa maningi." Ine ndinkati akundiyesa. Mawa lake ndinkathira madzi ochuluka kuposa dzulo.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti kuno nyengo yozizira madzi sauma msanga ngati pa simenti ya ku Lilongwe. Ankalowa kunsi kwa matabwa aja n'kukhala momwemo.

Loweruka lina m'mawa, amayi ali kuntchito, Joshua anafuula m'Chingerezi chakecho kuti khoma lanenepa. Ankolo anatsika masitepe, nagwada m'kolido. Penti anali atasweka, matabwa atatupa m'munsi monse kuyambira pakhomo mpaka kukhitchini. Anadina ndi chala, ndipo thabwa linangophwanyika ngati buledi wonyowa. Anayang'ana thabwalo, anayang'ana ndowa imene ndinanyamula, kenako anayang'ana ine.

"Madzi," anatero. Anavala jekete, anatenga makiyi a vani n'kutuluka.

Abale inu, mantha amene ndinachita tsiku limenelo sindinawachiteponso. Bola akanandikalipira, ndikanadziwa polekezera. Ndinali nditawononga ntchito ya manja a mwini nyumba, ndipo m'mutu mwanga munkangomveka mawu a amayi aakulu. Si kuti ku Kawale kunali koipa ayi. Koma ndinali nditangowapeza kumene amayi anga, nditangoyamba kuzolowera kuwamva akutsokomola kuchipinda chinacho. Ndinakwera m'mwamba ndikulira, ndinatulutsa sutikesi kunsi kwa bedi n'kulongedza zovala zonse. Ndinati akamandithamangitsa andipeze wokonzeka, ndisachite manyazi pamaso pa Joshua.

Patapita nthawi ndinamva vani ikuima. "Tadala! Bwera unithandize kunyamula."

Pamwamba pa vani panali matabwa ataliatali, onunkhira paini. Tinawalowetsa m'nyumba. Ankolo anatenga chitsulo chokanulira n'kuyamba kuchotsa akale aja, uku akundionetsa mkati mwake. Anati amenewo sanali matabwa enieni, unali utuchi wopsinja ndi guluu, ndipo umamwa madzi. Atsopanowa anali a mtengo. Anandipatsa burashi kuti ndiwapake penti kumbuyo ndi kunsi komwe, kumene diso silifika, kuti madzi asapeze polowera. Ndinkapaka ndikudikira kuti nkhani ya ndege iyamba liti.

Penti atauma masana, ntchito inayamba. Pansi pa nyumba ija panali pokwera ndi potsika, ndipo thabwa likagonekedwa linkasiya mpata kunsi. Ankolo ankayendetsa pensulo motsata pansipo, n'kupala thabwa potsata mzerewo mpaka litakhala bwino. Kenako ankagogoda khoma ndi chibakera, akumvetsera. Pena pankalira ngati ng'oma, pena pankamveka gwa. Pomveka gwapo ndi pamene kuseri kwa pulasitala kunali thabwa loimirira, ndipo ankalembapo kachizindikiro. Pafupi ndi paipi ya madzi otenthetsa nyumba analembapo mtanda waukulu, kuti pamenepo tisayerekeze kukhomapo msomali.

Ndiye anatsegula bokosi n'kutulutsa mfuti ya misomali. Chida chimenechi Joshua sankaloledwa ngakhale kuchiloza. Misomali yake inali yopyapyala, yomatana mumzere, timitu take tating'ono kwambiri. Ankolo anandiveka magalasi oteteza maso, n'kundiika mfutiyo m'manja. Inali yolemera. Ndinawayang'ana kuti mwina asokonezeka mutu.

"Gwira na manja yawiri poyamba," anatero. "Ine nigwira thabwa. Ukayamba kugwira wekha, dzanja linalo lizikhala kutali. Msomali ukakumana na mfundo umakhota, umatulukira pamene sunaganize."

Ndinakanikiza kamwa la mfutiyo pathabwa, ndinatsinzina, n'kukoka. Thwa! Ndinalumpha, Joshua n'kuseka mpaka kugwa pamasitepe. Msomali unali utaphonya chizindikiro, sunagwire kanthu. Ankolo anangoti, "Wayamba. Manje tsegula maso." Wachiwiri unalowa pake, ndipo ndinaona thabwa likukakamira kukhoma. Mutu wa msomali unamira mkati, kutsala kabowo kang'onong'ono koti tidzatseke ndi phala la akalipentala n'kupaka penti. Tinayenda chogwada choncho kolido yonse, iwo akugwira, ine ndikuwombera. Kumbali ya njerwa, kumene misomali yotere singalowe, anamata ndi guluu. Pofika kukhitchini ndinadzimva ndikuseka.

Patatsala timatabwa titatu topyapyala, tokongoletsedwa m'mbali. Ankolo anati timeneto n'tozungulira chitseko cha kuchipinda kwanga. Chipindacho chinali chosungiramo katundu ndisanabwere, ndipo m'mbali mwa felemu munali mpata woonekera pulasitala. Ananyamula timatabwato n'kuyamba kukwera masitepe. Pamenepo ndinakumbukira chimene ndinasiya pabedi. Ndinathamanga, koma anali atafika kale.

Anaima pakhomo akuyang'ana sutikesi, ndi nsapato zanga za kutchalitchi zili pamwamba pake.

"Uyenda kuti?"

Ndinayesa kunama, koma pakamwa panakana. Ndinawauza zonse, za pakhonde paja, za kwa eni, za ndege yobweza alesi. Ndinawauza kuti ndinkakolopa kuti asatope nane. Ankolo anatsamiritsa timatabwa tija kukhoma, nakhala pansi penipeni, pakapeti, munthu wamkulu ngati uja. Anapukuta utuchi pa thalauza.

"Tadala," anatero, "ku shopu kuja yenze matabwa ya mitundu iwiri. Ine nasankha yosaopa madzi chifukwa naganiza kuti mwana wanga azakolopa muno zaka zambiri. Manje iwe walongedza?"

Ndinalira, ndithu ndinalira mokweza ngati kamwana, mpaka Joshua anabwera kudzandipatsa bisiketi yake yolumaluma. Ankolo sanandikumbatire, sanali munthu wa zimenezo. Anangodikira ndimalize, kenako anati ndikafuna kukolopa ndizikolopa, koma chikolopa ndizifinya, ndipo Loweruka ndizigona ngati ana anzanga. Atatero anandipatsanso mfuti ija. "Chitseko ni chako ichi. Khoma wekha." Anagwira kathabwa kam'mwamba pamene makona ake amakumana ndi tam'mbali, ine n'kukwera pampando. Misomali yonse ya pachitseko chimenecho ndinakhoma ndine.

Amayi atabwera n'kumva nkhaniyi, anafuna kuimbira mkulu wawo nthawi yomweyo kuti awasambwadze. Ankolo anawaletsa, nati munthu amene walera mwana zaka zonsezo sakalipiridwa pafoni. Panthawiyo sindinamvetse, chifukwa nanenso ndinali nditawakwiyira amayi aakulu. Lero ndikudziwa kuti sanandilangize mwankhanza. Anali ataonapo ana opeza akuzunzika m'nyumba za eni, ndipo anandipatsa chida chokhacho chimene iwo ankachidziwa. Chimene sanathe kudziwa ndi mtima wa munthu amene anali asanamuonepo. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma ine mwambiwo ndinkangoumva pakamwa pa anthu mpaka tsiku limene ndinauona utamangidwa pamwamba pa vani.

Tsopano ndine wamkulu, ndimakhala ku Tipton, ndipo kwathu ku Whitmore Reans ndimapitako Lamlungu tikaweruka kutchalitchi. Matabwa aja adakalipo, sanatupe ngakhale pang'ono. Pa chitseko cha chipinda chija, pakona ya kumanja, pali kabowo kamene sindinakatseke bwino, ndipo kamaonekabe kunsi kwa penti. Ndinanenapo kuti ndibwere ndi phala ndidzakonze, koma mwini nyumba anakana, anati pamenepo pasakhudzidwe.

Sindikukumbukira tsiku limene ndinasiya kunena kuti ankolo. Ndimangodziwa kuti ndikagogoda pakhomo paja n'kumva kuti "Ndani?", ndimayankha kuti, "Ndine, adadi, tsegulani."