Chitseko cha a Palapala

A Palapala anali kalipentala wa zitseko. Matebulo ndi mipando ankapanga akapemphedwa, koma mtima wawo unali pa zitseko. Dzinali anawapatsa ndi makasitomala, chifukwa vuto lililonse mankhwala ake kwa iwo anali amodzi. Kabati ikakana kutseka, "tipale pang'ono." Zenera likamalira, "tipale pang'ono." Anthu ankaseka kuti mutawapatsa mwana wosamva, akanayamba afunsa kuti akukhula mbali iti.

Chilema chawo chinali chakuti thabwa ankalikhulupirira, koma munthu ayi. Wina akawapatsa moni mwansangala, ankatsala akudzifunsa kuti ameneyu akufunanji. Wina akadutsa osawalonjera, ankati pali chimene akubisa. Munthu yekhayo amene sanamukayikirepo anali mkazi wawo, mayi wofatsa wogulitsa zovala pamsika. Mayiwo anakhala nawo mpaka imvi, podziwa nthawi yoyankha ndi nthawi yongowasiya alankhule.

Nyumba yawo inali yomalizira pamzere, pamtunda woyang'ana kuchigwa. Pamene ankaimanga, kumunsiko kunali kamtsinje koti mwana n'kukadumpha. Pakati pa nyumba ndi kamtsinjeko panali bwalo lalikulu loyanikapo zovala ndi mtengo wamthunzi. Chitseko cha kumaso anachipanga okha ndi thabwa lolemera, naikapo loko wa makiyi awiri. Kiyi mmodzi anaika m'thumba mwawo, wina anam'pereka m'manja mwa akazi awo tsiku lolowa m'nyumbamo, n'kunena kuti, "Nyumba ndi yanu iyi, mayi." Mawu okoma ngati amenewo sanawabwerezenso moyo wawo wonse, n'chifukwa chake mayiwo anawasunga.

Zaka zikupita, kamtsinje kaja kanadya pansi n'kukhala khwawa, khwawalo n'kukhala chigwembe choti ukaima m'mphepete umamva chizungulire. A Palapala analibe nazo ntchito za kumunsi. Chimene ankaona n'chakuti dzinja lililonse chitseko chinkakhula pakona ya pamwamba. Ankati thabwa lafufuma ndi chinyezi, n'kutenga chopalira, n'kupala pang'ono. Chilimwe chikabwera, pansi pankatsala mpata kumbali inayo, iwo n'kumatapo kathabwa mwaluso moti sungaone polumikiza. Anansi anayamba kusamuka mmodzimmodzi, ati makoma akung'aluka ndipo zitseko sizikutsekeka. A Palapala anati ndi zimene zimachitika ukalemba amisiri akuba simenti. Ming'alu ya kwawo ankaimata isanakule, ndipo chitseko chawo chokha ndicho chinkatsekeka bwino pamzere wonsewo. Ankanyadira nazo kwabasi.

Ndiye chinafika chaka chimene chitseko chinasintha khalidwe. Tsiku lina masana a Palapala pochokera kushedi kwawo anachipeza chili yasa, lilime la loko lili panja ngati chokhoma, mayi ali kumsika. Analowa n'kuyamba kuyang'ana katundu. Wailesi inalipo, mabulangete analipo, ngakhale shuga m'chitini sanachepe. Munthu wina akanathokoza, koma iwo anakhala pampando n'kuyamba kuwawidwa. Wakuba wanji wosaba? Munthu wolowa m'nyumba ya mwini osatenga kanthu ndiye kuti chimene amadzera si katundu.

Zinachitikanso sabata yomweyo. Anayang'ana pachitsulo polowa lilime la loko, napezapo zokalikakalika. Anati eya, pali amene akumakankha. Anasuntha kachitsuloko, namanganso zolimba. Sikweya yawo yoyezera makona inali m'thumba la ovolosi, koma sanaiike pafelemu. Felemuyo anaimika okha, ndipo sikweya ankaiika pa ntchito za anthu ena. M'malo mwake anabwera ndi utuchi wosalala m'kapepala, namauwaza pakhomo m'mawa uliwonse kuti aone mapazi. Anapezamo mapazi a mphaka ndi a nkhuku. Anati munthuyo ndi wochenjera, amadumpha.

Tsoka ilo, nyengo yomweyonso paipi ya madzi inayamba kuduka kuseri kwa nyumba, polowera kukhoma. Mayi anaitana wamapaipi, bambo wansangala wadazi amene anakulira naye msewu umodzi. Anakonza, paipi n'kudukanso. Anabweranso, n'kudukanso pomwepo. A Palapala anayamba kulumikiza zinthu monga amalumikizira matabwa: chitseko chotseguka, paipi yosachira, ndi bambo woseka ndi akazi awo za anthu akale amene iwo sankawadziwa. Madzi saiwala khwawa, anatero mumtima, ndipo chakudya chinasiya kuwakomera.

Tsiku lina anabwerera dala msanga, nam'peza wamapaipi atagwada kuseri, mayi ataima pambali ndi kapu ya madzi.

"Paipi yanga ikukukondanitu," anatero a Palapala.

"Bwerani muone, akulu," anayankha wamapaipi osamva mbola ya mawuwo. "Paipi iyi sikuwola ayi. Onani podukapa, ikuchita kukokedwa. Mbali iyi yagwira kumsewu, mbali iyi yagwira nyumba. Ndiye china chake chikuyenda."

"Chikuyenda ndi nyumba kapena ndi munthu?"

"Ndi dothi, akulu. Madzi kumunsiku akudya tsinde la mtunda. Akadya pansi, zapamwamba zimatsatira pang'onopang'ono, ngati mulu wa mchenga ukamautapa m'munsi. Zigwa zambiri zimayamba choncho. Zina zikuluzikulu ndinamva pawailesi kuti ndi dziko lenilenilo limang'ambika, mbali ina n'kutitimira, koma mochedwa ngati kukula kwa chikhadabo. Lathuli ndi la madzi, ndipo likufulumira. Ine ndikanakhala inu, dzinja likubwerali sindikanagona muno."

A Palapala anaseka kuseka kopanda mano. Munthu akuyendera nyumba yako, kenako akuuze kuti usamukemo! Anamuuza wamapaipi kuti atole zitsulo zake ndipo asadzapondenso pakhomopo. Bamboyo anayang'ana mayi, nayang'ana pansi, n'kunyamula chikwama chake.

Atalowa m'nyumba, mayi ndiwo anayamba kulankhula, zimene sankachita kawirikawiri.

"Bambo, munthu uja wanena zoona. Ine ndikakolopa, madzi onse amathamangira kukona ya kuchigwa. Kale sizinkatero."

"Mwayamba kumuyankhulira?"

"Ndikuyankhulira nyumba."

"Nyumba ilibe miyendo, mayi. Chitseko changa sichitseguka chokha. Makiyi ndi awiri, wanga ali pano." Anatambasula dzanja. "Bweretsani winayo."

Kiyiyo mayiwo ankamumanga pakachingwe m'khosi, ndipo kachingweko anali atakasintha kambirimbiri, kiyi ali yemweyo. Anavula, namuika m'dzanja la amuna awo. Sanalire ndipo sanatukwane, ngakhale kutukwana kukanakhala bwino. Anapinda zovala zawo m'chikwama cha kumsika n'kupita kwa mwana wawo wamkazi, amene ankachita lendi kumtunda, kutsidya kwa msewu waukulu. Kunena zoona, a Palapala anachita manyazi pomwepo, koma manyazi a munthu wamakani amasanduka ukali. Anati apite, choonadi chioneka.

Mwana wawo anabwera m'mawa mwake. "Ababa, amayi akhala nanu zaka zonsezi, lero muwalande kiyi ngati wantchito?" Iwo anayankha kuti nkhani za akulu azisiye. Anakhala okha sabata yathunthu, makiyi onse awiri ali m'thumba. Mvula yoyamba inagwa masiku awiri osalekeza. Itakata, anabwera kuchokera kushedi n'kupeza chitseko chili yasa.

Apa mutu unazungulira. Komabe mtima wokayika susowa pothawira: anati ndiye kuti wina anadulitsa kiyi wachitatu. Anaganiza zomugwira okha munthuyo, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. M'mawa anatuluka monga mwa masiku onse, nakhoma chitseko anthu akuona, n'kuzungulira kuseri, n'kulowera pazenera la kuchipinda. Anakhala pampando pabalaza, chitseko chili patsogolo pawo, mpini wa nyundo uli m'manja. Bambo wa imvi zake, kubisalira mlendo m'nyumba yakeyake dzuwa likuswa mtengo!

Anadikira mpaka msana unawawa. Chakumasana lole yodzaza miyala inadutsa kumsewu, mawindo n'kunjenjemera pang'ono monga ankachitira nthawi zonse. Ndiye anamva kaphokoso, tche. Lilime la loko linapulumuka pachitsulo, chitseko n'kuyamba kutseguka chokha, mwaulemu, mpaka chinakagunda khoma. Panja panalibe munthu, koma nkhuku ikutolatola pautuchi.

A Palapala anaimirira. Pensulo inagwa kuchoka kukhutu kwawo, ndipo anaiyang'ana ikugubuduka pasimenti, osaima, mpaka kukona imene mayi ankanena. Apo m'pamene anatulutsa sikweya n'kuiika pakona ya felemu. Pampata umene unatsala pankalowa chala chachikulu.

Anatuluka n'kutsetserekera kuchigwa, kumene anali asanapiteko zaka zambiri. Mtengo wamthunzi uja unali utaweramira kuphompho, mizu ili lendelende m'malere. Pansi pake madzi ofiira ankanyambita tsinde la mtunda, dothi likugwera m'madzimo chibuma chimodzichimodzi, mwakachetechete. Atayang'ana kumwamba anaona nyumba yawo kuchokera kumene sanaionerepo, itasendamira kuchigwa ngati munthu wofuna kumva zimene zikunenedwa kumunsi. Nyumbayo inkawachenjeza dzinja lililonse kudzera pachitseko, iwo n'kumatenga chopalira kufafaniza chenjezolo.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Iwo anachita kuchizula. Anamasula mahinjesi, nasenza chitsekocho pamutu, n'kukwera nacho mtunda, kuwoloka msewu waukulu, anthu akuwayang'ana. Sankadziwa kupepesa ndi pakamwa, ndiye anati thabwa likawalankhulire.

Anapeza mayi atakhala pakhonde la mwana wawo, akusita zovala za kumsika. Anatsitsa chitseko n'kuchiimika chotsamira khoma, pafupi ndi chitseko cha nyumbayo. Pakhoma loongoka chinaoneka mmene chinalili: pamwamba chopendekeka, phewa limodzi lokwera, pansi zigamba zokhazokha. Kalipentala wa zitseko anali asanaonepo chitseko chokhota chotero, ndipo anachikhotetsa ndi manja ake.

"Mayi," anatero a Palapala. "Chimatseguka chokha. Ndaona ndi maso angawa. Nyumba ikupita kuchigwa."

"Ndinakuuzani," anatero mayiwo osakweza mutu.

"Munandiuza."

"Wamapaipi anakuuzaninso. Koma inu munadikira kuti chitseko chikuuzeni." Anaimika simbi, nayang'ana chitseko chija kuyambira pamwamba mpaka pansi. "Thabwa mwalimvera tsiku limodzi, bambo. Ine zaka zonsezi."

A Palapala anapisa m'thumba, natulutsa kiyi wa pakachingwe uja, n'kumupereka ndi manja awiri, atawerama ngati mwana. Mwana wawo anali ataima pakhomo, ndipo ataona zimenezo analowa m'nyumba kuti asaone bambo ake ali choncho.

Mayiwo sanatambasule dzanja. Anayang'ana kiyiyo, nayang'ana kumunsi kumene denga la nyumba yawo linkaonekera pamwamba pa chigwa.

"Pamene kiyiyu anali ndi nyumba munandilanda," anatero mofatsa. "Lero mukundipatsa kiyi wa chitseko chopanda nyumba. Ndikatsekule chiyani?"

Anatenganso simbi n'kupitiriza kusita. Patapita kanthawi anasuntha mulu wa zovala pabenchi, mpata wokwana munthu mmodzi n'kuoneka, koma sanawauze kuti akhale. A Palapala anaima pomwepo, kiyi ali m'manja, osadziwa ngati mpatawo unali wawo.