Mwezi Umene Khadi la Kompyuta Linapsa

Pensulo ija inali yofiira ya mizere yakuda, yolumikalumika kumutu chifukwa ndinali mtsikana wotafuna zinthu ndikamaganiza. Amalume, mlongo wawo wamng'ono wa amayi, anaitenga m'chikwama changa m'mawa wina wa Okutobala, n'kuisongola ndi lezala mpaka nsonga inakhala ngati singano. Tsiku limenelo aphunzitsi anandigwaditsa panja chifukwa chopita kusukulu chimanjamanja.

Kompyuta inali ya abambo. Anaitumiza pa basi kuchokera ku Joni, ndipo ndicho chinthu chomaliza chimene anatitumizira. Akaimba foni ankayamba ndi "Makina anga ali bwanji?" kenako n'kufunsa za ife. Amayi ankaipukuta tsiku lililonse n'kuifunditsa nsalu yoyera yoluka okha, monga ankachitira ndi wailesi. Fumbi la ku Ndirande silichita odi.

Amalume anachokera ku Nsanje atasowa malo kukoleji, ndipo ankagona pabalaza. Pofuna kuti asamangodya, ankaika sikirini pawindo loyang'ana kukhonde, anyamata n'kumasewera mpira wa pakompyuta. Ndiwo zathu zinkachokera pamenepo. Kenako munthu wina anatsegula malo ake kumsika, makina atsopano. Mpira umene unali utangotuluka unkayenda modukizadukiza pa yathu. Wosewera akamathamanga ankaima kaye ngati wakumbukira kanthu kunyumba. Anyamata anasamuka, khonde linatsala la nkhuku.

Vuto, amalume anati, linali khadi lopanga zithunzi. Analizula m'mimba mwa kompyuta n'kundionetsa: kathabwa kobiriwira, kokhala ndi kafani kake, kodzaza tizitsulo tating'ono ngati chitowe. Kamodzi mwa ito ndi kamene kankaletsa khadi kukoka magetsi ambiri. Makala a pensulo amadutsitsa magetsi, ndiye ukakapaka pang'ono, khadi limanamizika n'kuyamba kukoka mphamvu yoposa imene eni ake analipimira. Likatero ukhoza kulithamangitsa koposa. Ankakanda kawiri, n'kuyeza ndi mita yobwereka kwa wokonza mawailesi, n'kukandanso. Akapitirira muyeso ankafufuta ndi labala. Thukuta linkadontha kuchibwano kwawo, malata akulira ndi dzuwa.

Lero ndimaona kuti anali mnyamata chabe, wophunzira zinthu zoopsa pa intaneti ya pakhefi, akusewera ndi katundu wa mlamu wake. Panthawiyo ndinkawaona ngati dokotala.

Ndipo zinatheka. Mpira unayenda myaa, anyamata anayamba kubwerera mmodzimmodzi. Koma khadi linkatentha moti sukanaligwira. Amalume anachotsa chitseko cha m'mbali mwa kompyuta n'kulozetsamo fani yaikulu ya patebulo. Mphepo yotulukamo inkanunkha ngati simbi yoiwalidwa pa malaya. Ine ndinayamba kuchita mantha, osadziwa kuti ndikuopa chiyani.

Lamulungu amayi sankalola masewera. Koma amalume ankafuna kuwonjezera liwiro, ndipo anafunika kuona ngati khadi lingapirire masana onse. Choncho tili kutchalitchi anasiya kompyuta ikusewera yokha, n'kuzimitsa sikirini kuti amayi asaone mpira pa tsiku la Mulungu. Iwo anapita ku Limbe kukafuna mafuta oziziritsira khadi. Anaiwala, kapena sanamve, kuti mapemphero a mphakati, a akhristu a m'dera lathu, anali kwathu masana amenewo.

Titabwerako amayi anayamba kukonza pabalaza mwaphuma. Anaiona kompyuta ili pululu, mawaya ali panja. "Anthu adzati chiyani, chinthu cha bambo ako chili maliseche chonchi?" Anatembenuza fani kuti izipepesa alendo. Anatenga nsalu yoluka ija n'kufunditsa, ndipo poona kuti mbali yotsegukayo ikuonekabe, anawonjezera chitenje chopinda pawiri, n'kuchifinyira bwinobwino m'makona. Ndinaona zonse. Sikirini inali yakuda, ndiye nanenso ndinkayesa kuti yazimitsidwa. Kung'ung'udza kwake kunamira m'phokoso la fani ndi la mipando.

Tinali pakati pa pemphero la korona pamene fungo linafika. Mayi wina anasuzumira kukhitchini. Kenako kunamveka kuti thu, osati mokweza, utsi wopyapyala n'kutuluka pansi pa chitenje. Amayi anasolola nsalu zonse ziwiri, wina anazula pulagi, mapemphero n'kuthera panja.

Amalume atafika anagwada pa kompyuta nthawi yaitali. Khadi linali ndi bala lakuda, ndipo moto unali utalowanso m'thabwa lalikulu limene linalumikizidwako. Anayang'ana fani italoza kumipando. Anatola kaulusi koyera kamene kanakodwa pakona ya chitsulo, n'kukapotokola ndi zala. Amayi anaima pakhomo manja ali kumutu. "Achemwali, ndine," anatero amalume. "Ndinalipatsa magetsi ochuluka. Likanapsabe."

Abambo anaimba mkati mwa sabata. Mawu awo ankamveka mpaka kukhonde ngakhale foni inali pakhutu pa amayi. Anati anatumiza makina, osati chidole cha anthu a kuchikazi. Anati ngati ndi amayi amene alephera kusamala, anene, adziwe chochita. Amalume anapempha foni n'kubwereza zomwe zija, mawu ali pansi, akuti "alamu" pa chiganizo chilichonse. Chigamulo cha abambo chinali chakuti amalume achoke pakhomopo mwezi usanathe.

Masiku otsalawo anali oipa. Amayi sankawayang'ana kumaso mlongo wawo. Anyamata akamadutsa ankakuwa kuti "Injiniya wa pensulo!" Ine chakudya sichinkalowa. Ndinkadziwa chimene ndinaona, ndipo chinkandiwawa kuti munthu akuchoka chifukwa cha chitenje.

Amalume tinawaperekeza kudepoti ya Wenela. Amayi atapita kukawagulira madzi, ndinawakoka shati n'kunena kuti amayi ndi amene anafunditsa, ndinaona, ndipo ndidzawauza abambo akaimbanso. Amalume anandigwira mkono mwamphamvu moti zala zawo zinasiya zizindikiro. Anali asanandigwirepo choncho chibadwire changa.

"Iwe sunaone kanthu. Wamva? Ukadzatsegula pakamwa usadzanditchulenso amalume."

Sindinawatsanzike. Basi ikunyamuka ndinayang'ana kumbali.

Patapita zaka ndi pamene ndinamva zimene madalaivala a mabasi a ku Joni ankadziwa kalekale, ndipo amalume anali atazimva kwa iwo: abambo anali ndi banja lina kumeneko, ndipo ankangofuna chifukwa choti anene kwa ankhoswe kuti ukwati wawo ndi amayi uthe. Chifukwacho amalume anakana kuwapatsa. Sichinathandize kwenikweni, abambo sanabwerebe. Amalume anakalima kumudzi ndipo sanagwirenso kompyuta.

Koma tsiku lija ku Wenela zonsezi sindinkazidziwa. Ndinkangoona munthu wamkulu, wopemphera, akunama poyera n'kundiopseza kuti nanenso ndiname. Sizinkandilowa m'mutu kuti m'nyumba mwathu munali woti achoke, amayi kapena amalume, ndipo amalumewo anali atasankha kale ali chigwadire pabalaza paja.