Mudzi wa Ka

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndili Sitandade 3 ku Njakwa, pamene ndinadula ndi lezala pepala lokhalo limene likanandiuza kwawo kwa bambo anga.

Bambo anali mlangizi wa zaulimi wochokera m'chigawo chapakati. Boma linawatumiza ku Rumphi, ndipo anakwatira amayi anga, Mtumbuka wa konkuno. Paukwati, unkhoswe anagwira mnzawo wa kuntchito, yemwe posakhalitsa anasamutsidwa. Bambo atamwalira, maliro anapita kwawo pa galimoto ya boma, ndipo wochokera kuno amene anaperekeza anali amayi okha. Chaka chisanathe nawonso anatisiya. Ine ndinali ndisanayambe n'kulankhula komwe.

Anandilera ndi amayi aakulu, akulu awo a amayi, munthu wa mtima wabwino koma wosadziwa kuwerenga. Ndikawafunsa kwawo kwa bambo ankangoloza ndi mlomo cha kummwera, n'kunena kuti, "Ku Uchewa uko."

Chaka chimenecho tinali ndi aphunzitsi aukali zedi. Tsiku lina analamula kuti aliyense wobwera ndi kope losakutira alawa ndodo ya bulugamu. Ana a kwa anthu apantchito anali ndi mapepala a khaki, koma ife kwathu pepala tikanalitenga kuti? Amayi aakulu ali kumunda, ndinakoka sutikesi pansi pa bedi. Pakati pa zitenje zonunkha mankhwala a njenjete ndinapeza kanyuzipepala ka mpingo, ka masamba anayi, kofiirira ndi ukalamba. Sindinawerenge n'komwe. Ndinadula bwinobwino, makope anayi onse n'kukutira, ndipo m'mawa mwake ndinapita kusukulu ndikuyenda monyada.

Patapita miyezi kunabwera amalume, amene kuno timati asibweni. Anakhala pampando pakhonde, ine ndili chogwada pakhomo.

"Kuno mwana ndi wa kwa bambo ake," anatero. "Wakula uyu, adziwe kwawo. Tulutsani pepala lija anasiya mlongo wanga, lolengeza za ukwati. Mudzi ndi mfumu zonse zinalembedwamo."

Amayi aakulu anakhuthula sutikesi yonse pamphasa, n'kukutumula chitenje chilichonse kawirikawiri. Ndinaulula ndekha.

Amayi aakulu sanandimenye, ndipo mpaka lero ndimati bola akanandimenya. Anangoti, "Mwana wane, mayi ako anati ndidzakupatse ukadzakula. Wadzipatsa wekha."

Ndinabweretsa makope aja. Zikutiro zinali zitatha kalekale ndi mvula, thukuta ndi madzi a mango. Chinatsala ndi kachidutswa kamene ndinapindira m'kati mwa kope la masamu. Panali dzina la bambo, kenako mawu akuti "a m'mudzi wa Ka". Lezala linadutsa pomwepo.

Amalume anaseka mpaka kutsokomola. "Ka chiyani? Midzi yoyamba ndi Ka m'dziko muno ilipo ingati?"

Kuchokera tsiku limenelo ana awo anayamba kunditchula kuti NyaKa, monga mmene kuno amaitanira mkazi ndi chiwongo cha bambo ake, ndipo dzinalo linafika mpaka kusukulu. Nditakula, anzanga akugawiridwa minda, ine anandiuza kuti wanga uli kwa Ka. Akuchimuna nawo sanabwere kudzandifuna, poti kwa Achewa mwana ndi wa kwa mayi ake. Uku akuti ndine wa uko, uko akuti ndine wa kuno. Zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe.

Musaganize kuti sindinafufuze. Ndayenda ine, mpaka nsapato kutha. Kumene ankasindikiza kanyuzipepala kaja anandiuza kuti zakale zinadyedwa ndi chiswe, zotsala anagawira amayi ogulitsa mandasi. Ku ofesi ina anati kaundula wa zaka zimenezo alipo, koma amene amasunga kiyi watuluka pang'ono. Ndinapitako kanayi, munthuyo ali chitulukire. Kwina kamnyamata ka tayi kanandifunsa kuti, "Mayi, mukufuna mudziwe za anthu akufa kuti mutani nazo?" Ndinangothokoza kuti yewo, n'kutuluka, kuopa kuti pakamwa panga pangatuluke zina.

Zaka zambiri ndinkadziimba mlandu ndekha. Pano ndinasiya. Ndinali mwana woopa ndodo, basi. Amene ndimawakwiyira ndi akuluakulu ophunzira, amene anasindikiza pepala lija lambirimbiri, n'kulephera kusunga ngakhale limodzi pamalo poti mwana wamasiye angafike n'kupempha kuti awerenge. Mbiri ya munthu anaisiyira mayi wosawerenga ndi sutikesi yopanda loko, iwo n'kumati nkhani zakale zilibe ntchito. Amatero ndi amene akudziwa manda a agogo awo.

Mwezi wathawu mwana wanga wamkazi anabwera ndi ntchito ya kusukulu yoti alembe kumene makolo ake anachokera. Za kwa bambo ake analemba tsamba lonse. Atafika pa agogo ake aamuna a mbali yanga anandifunsa dzina la mudzi, ndipo ndinamuuza kuti Ka. Analemba zilembo ziwirizo, cholembera n'kuchisiya papepala pomwepo, akundiyang'ana kuti ndimalize.