Anatemeredwa Kale

Ndikukumbukira chaka chimene dzanja langa linali lisanafike pakhutu. Za zaka musandifunse, kusukulu sindinapondeko, ndipo izi mukuwerengazi akundilembera ndi mdzukulu wanga Tiwonge. Koma kale kwathu ku Hewe mwana ankamuyeza chonchi: adutsitse dzanja pamwamba pa mutu, agwire khutu la mbali inayo. Akaligwira ndiye kuti wakula. Ine zala zanga zinkathera m'tsitsi.

Khutu limenelo linali ndi mwiniwake, mlongo wanga Wongani. Anali asanayambe kuyenda, timano tapansi titangotuluka kumene. Amama akapita kukasoka fodya ankandibereketsa iyeyo, miyendo yake ikundimenya kuseri kwa mawondo. Poopa kugwa ankagwira khutu langa lakumanzere. Ndikathamanga ankalikoka, ndikaima ankalikokabe, mpaka linkakhala lofunda tsiku lonse.

Ine amama anakandiberekera kwawo, adada ali kumigodi ku Zambia. Kwawo kwa amama kunali kwa anthu a tchalitchi, osalola lezala pathupi la mwana, choncho ndinakula wopanda mphini ndi imodzi yomwe. Wongani anabadwa adada atabwerako. Mwana wamwamuna ameneyo sanafune kumusiya pamtunda. Anapita naye kwa sing'anga kutsidya kwa mtsinje, anakamutema mphini pachifuwa ndi pamsana, n'kupakamo mankhwala akuda. Pamudzi anthu ankangoti mwana watemeredwa.

Lamulungu lina analengeza kutchalitchi kuti kubwera azaumoyo ndi katemera wa chikuku. Masana ake adada anali pakhonde akumata chubu cha njinga, amama akupeta nyemba.

"NyaMhango, mwana satemeredwa kawiri," anatero adada. "Mankhwala awiri akakumana m'thupi amamenyana. Adikire ayambe wayenda."

"Nanga chikukucho nachonso chidikira, adada a Wongani?"

"Ha, pakamwa apo! Kwanu ankakuphunzitsani kuyankha basi?" Adada anaseka, n'kulowetsa chubu m'madzi. "Chabwino, kawafunseni adokotala anuwo. Akakati zimagwirizana, ine ndilibe mawu."

Ndiye amama ananyamuka ndi funso. Ife pakhomo chinali Chitumbuka chokhachokha, ndipo zinamveka kuti obwerawo ndi a m'chigawo chapakati. Njira yonse amama ankayeserera Chichewa chawo, kuyankhula ndi mitengo ya misuku: "Mwana uyu anamutema mphini, kodi zigwirizana?" Ankabwereza, kukonza, kubwerezanso. Ine ndinkaseka m'mbuyo.

Pansi pa mtengo wa kutchalitchi panali mzere wautali, ana kulira, fungo la sipiriti ndi la poto momwe ankawiritsamo majakisoni. Wobayayo anali bambo wamtali, thukuta lili kamukamu, ndipo ankafuna kukafikanso mudzi wina dzuwa lisanapendeke. Pambali pa tebulo lake panaima mkazi wa mkulu wa mpingo, atavala zoyera, akulongosola mzere. Mayi ameneyo ankawadziwa bwino makolo a amama.

Titafika, bambo uja anafunsa osadzutsa mutu.

"Mwanayu anatemeredwa kale?"

Amama anayang'ana mayi wa zoyera uja. Ndinawaona akukokera nsalu m'mwamba kuphimba pachifuwa pa Wongani. Funso lonse lija, lomwe misuku inalimva njira yonse, sanalifunsenso.

"Eya," anatero chapansipansi.

"Basi dutsani, mayi. Nanga kamtsikanaka?"

"Aka yayi."

"Iwe, tagwira khutu."

Ndinayesa mpaka kupendeketsa mutu, osalifika. Anandigwira mkono, n'kundibaya. Ndinakuwa mpaka agalu a kutchalitchi anauwa, Wongani ali kumsana kwa amama akundiseka, dovu lili chuchuchu.

Kunyumba amama anangoti, "Akuti wotemeredwa kale adutse." Adada anawomba m'manja. "Mwaona? Ngakhale adokotala akudziwa."

Chikuku chinabwera titakolola, nthawi ya chisanu, mphepo ikuuluza makoko a chimanga pabwalo. Dzina lake sitinkalitchula. Ankangoti mlendo walowa m'nyumba ya uje. Mlendo akalowa, chitseko ankatseka, mwana osatuluka, osasamba. Patsiku lobaya lija ambiri mwa anzanga sanapite nawo, ena anali kumunda, ena makolo awo anakana. Ndiye zitseko zinayamba kutsekeka, lero apa, mawa apo, mpaka mudzi unangoti zii ngati anthu asamuka.

Kenako chinatsekeka chathu. Wongani anayamba ndi maso ofiira ndi chifuwa, thupi likutentha ngati mwala wa padzuwa. Ine ananditulutsa, n'kundiyalira mphasa m'khitchini. Amama sankatuluka. Adada ankangozungulira, kupita kutsidya, kubwera ndi mizu, kupitanso.

Simudziwa kutalika kwa tsiku kwa mwana wotsala yekha panja. Ndinkadzuka, kusesa pabwalo pomwe sipanadetsedwe ndi munthu. Ndinkapita pakhomo pa mnzanga, kuitana dzina lake, n'kumva mawu a mayi ake m'kati: "Choka apo, pita kwanu!" Ndinkakumba kadzenje pafupi ndi nkhokwe, n'kumasewera phada ndekha. Ndinkaponya mwala, kuwina, kusintha malo, kukhala mbali ya mnzanga, kuwinanso. Palibe wondinamiza, palibe wokangana naye. Masewera otero sakoma ngakhale pang'ono.

Kumsana kwanga kunkazizira. Tsiku lina ndinabereka chitsononkho chachikulu pansalu ya Wongani, koma chitsononkho sichikoka khutu. Ndinachitaya.

Chimene ndinkachita kwambiri n'kukhala kuseri kwa nyumba, pomwe dothi linagumuka pang'ono. Ndinkagunditsa khutu lija pakhoma n'kumamvetsera. Akatsokomola ndinkati ali moyo. Ndinkamuitana chapansipansi, "Wonga, Wonga," ndipo masiku oyamba ankayankha ndi kakulira. Kenako kutsokomola kunayamba kumveka ngati kukuchokera pansi pa mtsuko. Ndinkafuna mlendoyo andilowe inenso kuti anditsegulire. Ndinkadzikanda pamimba kuti patuluke totupa, n'kukagogoda. Amama anasuzumira pamng'alu wa chitseko, maso atatupa. "Mwana wanga, khala panja. Khala panja chomene."

Linali dzuwa la m'mawa, ndili pakadzenje kanga, mwala uli m'mwamba, pamene ndinamva amama akulira. Mwalawo sindinauwakhe.

Kumanda sanandilole. Madzulo ndinapeza nsalu yomwe ndinkamuberekera ataiyanika pamtengo wa pichesi, itachapidwa, isakununkhiranso iye.

Zitseko zitayamba kutseguka ndinkayesa kuti kusungulumwa kwatha. Ayi ndithu. Anzanga anatuluka oonda, khungu likusupuka, ena sanatulukenso. Ine ndinali wonenepa, wosalala, ndipo amayi ena pachitsime ankandiyang'ana cham'mbali. "Nanga uyu chinamulumpha bwanji? Anamudyetsa chiyani?" Ndikayandikira, ankaitana ana awo. Ndinapitiriza kusewera phada ndekha pamudzi podzaza ana.

Mvula itayandikira, bambo wamtali uja anabweranso pansi pa mtengo womwewo. Amama anandigwira dzanja, tinapita, kumsana kwawo kulibe kanthu. Sanaime pamzere. Analunjika patebulo, ndipo ulendo uno sanayang'ane yemwe anaima pambali.

"Munati wotemeredwa adutse. Wanga anadutsa. Nanga wafa bwanji?"

Bambo uja anadzutsa mutu. "Pepani, mayi. Anatemeredwa kuchipatala chiti?"

"Chipatala yayi. Kutsidya." Amama analemba ndi chikhadabo pachifuwa pawo timizere tating'ono, momwe lezala inadutsa.

Bambo uja anayang'ana pomwe chikhadabo chinadutsa. Kenako anaika jakisoni pansi, n'kukhala pabenchi.

"Mayi, ine ndinkafunsa za jakisoni."

"Mukadanena kuti kubaya," anatero amama. "Mukadangoti, mwanayu anabayidwa? Ine bodza sindinanene."

"Simunaname, mayi."

Palibe anakalipira mnzake. Pamene tinkachoka ndinamumva akufunsa mayi wotsatira: "Mwanayu anabayidwapo jakisoni? Jakisoni, osati lezala."

Amama anakawauza adada pakhonde pomwe paja. Adada anadzuka, n'kulowa m'chigafa mopanda fodya, anakhalamo mpaka dzuwa kulowa. Za nkhani imeneyi sindinawamvepo akuyankhula mpaka imfa yawo. Koma mng'ono wanga atabadwa, ndi adada amene ankapalasa njinga kupita naye kusikelo, amuna anzawo akuwaseka kuti asanduka mzamba. Akafika ankaima pomwepo kuti aone ndi maso awo jakisoni akulowa.

Mwezi wathawu Tiwonge yemweyu, amene akulemba atazolikayu, anabwera ndi khanda lake. Ndinamufunsa za katemera. Anayankha msangamsanga maso ali pafoni, "Zinatheka, agogo." Liwiro la yankholo ndinalizindikira. Ndinamuuza kuti andionetse mwendo womwe anabaya. Anayamba kukonza thewera lomwe linali lokonzeka kale. Kenako zinatuluka: bambo a mwana akuti kakadali kakang'ono, anamva zina pafoni, kadikire kalimbe kaye. Tiwongeyo ankafuna kukafunsa anamwino, koma ankachita manyazi kuti amukalipira pagulu chifukwa chochedwa.

Sindinamukalipire. Ndinamuuza za Wongani, dzina lomwe anali asanalimvepo. Bambo a mwana nawonso ndinawauza, atakhala pampando, chipewa chili m'manja. M'mawa mwake tinapita tonse atatu, ine ndi ndodo yanga m'mbuyo.

Kwa zaka zambiri ndinkafunafuna woti ndimukwiyire, sindinamupeze. Adada ankamukonda mwana wawo, n'chifukwa chake anapita naye kutsidya. Bambo uja anafunsa zoona, amama anayankha zoona. Chimene ndikuchidziwa tsopano n'chakuti mawu amodzi angathe kubereka zinthu ziwiri kumsana, ndipo munthu wamanyazi ndi munthu wofulumira akakumana, palibe amamasula nsalu kuti aone. N'chifukwa chake ine pa za mwana ndimafunsa kawiri, ngakhale azinditcha nkhalamba yovuta.

Pochokera kusikelo ndinapempha kuti ndikabereke kakhandako pang'ono. Kanali katalira mpaka kutopa. Tili m'njira ndinamva timanja tikufufuza m'khosi mwanga, tikukwera. Ndinapendeketsa mutu kumanzere kuti kasavutike kupeza khutu lija.