Mwana Amene Anagwera Pakati pa Magawo

Pulogalamu yakale ya pakompyuta pa esiteti yathu ya tiyi inali yosokonekera kwabasi. Sikelo ya masamba, nyumba za antchito, kiliniki, zonse zinali mumphika umodzi, moti ukakonza za sikelo, za kiliniki zinkawonongeka. Ine kalaliki ndinkaitukwana tsiku ndi tsiku. Komabe inkadziwa kuti ndikulera mwana wa malemu mchemwali wanga, mtsikana wodwala mphumu, ndipo mankhwala ankalandira pa nambala yanga. Kwathu mwana wa mlongo wako ndi udindo wako, iwe malume wake.

Kenako kampani inatibweretsera katswiri wa ku Blantyre kuti aigawe. Anajambula mabokosi pabolodi: gawo la antchito lizisunga wantchito ndi banja lake, la nyumba lizisunga ogona m'nyumbamo, la kiliniki odwala. Lililonse ndi malire ake ngati minda, ndipo likafuna kanthu lizifunsa mwini wake. Zinali zanzeru, sindikana. Koma kwa iyeyo banja linali mwamuna, mkazi ndi ana obereka okha, basi.

Chiperoni chitafika, mphumu inamugwira mwanayo, ndipo ndinamubereka mpaka ku kiliniki. Namwino anayang'ana pakompyuta n'kupukusa mutu.

"Pepani achimwene, mu sisitimu mulibemo mwanayu."

"Mulibemo bwanji, poti amagona m'nyumba ya kampani?"

"Za nyumbazo ife sitiziona ayi. Ife timafunsa ku gawo la antchito, ndiye akuti inu mulibe mwana."

Tsikulo anamuthandiza mwachifundo, n'kundichenjeza kuti kachiwiri sizidzatheka. Ndinapita kwa katswiri uja mtima ukuwira. Anandimvetsera bwinobwino, kenako anati gawo lililonse likugwira ntchito yake molondola, ndipo kusintha tanthauzo la banja n'kwa akuluakulu a kampani. Akuluakuluwo anati zimenezo n'za a makompyuta. Anangondiponyerana choncho mpaka nyengo yozizira inatha.

Zimandiwawabe mpaka lero. Munthu amene sanafunsepo kuti Alomwe timalerana bwanji ndiye anatidulira malire a banja.

Sindikanadikira kuti mphumu imugwirenso pakhomo pa kiliniki yomukana. Ndinamuperekeza kwa achibale ku Khwethemule, kuti azipita ku chipatala cha boma ngakhale chili kutali. Potsika minibasi anandifunsa kuti, "Amalume, ndalakwa chiyani?"

Nditabwerera ku ofesi, abwana anandiuza kuti ndikonze pakompyuta mndandanda wa ogona m'nyumba mwanga. Mwanayo ndinamufufuta ndi chala changa chomwe, ndipo pulogalamu yatsopanoyo sinavute m'pang'ono pomwe.